Kodi mowa uzigulitsidwa m'masupamaketi? Yankho kwa mayi wodera nkhawa ana ake

Funso: Ndine mayi wa ana awiri, mnyamata wa zaka 16 ndi mtsikana wa zaka 13. Tikalowa m'supamaketi, mowa umakhala pashelefu moyandikana ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, ndipo mtima wanga sukhala m'malo. Amuna anga amati ndikungodzivutitsa, chifukwa masitolo akuluakulu ndi amene amafunsa chitupa kuposa malo ena onse, ndiye mwana sangagulemo mowa. Pali anthu amene akufuna kuti masitolo amenewa aletsedwe kugulitsa mowa. Kodi n'zoona kuti kugulitsa mowa mmenemu kumachititsa ana kuyamba kumwa? Ndiwathandize anthuwa kapena ndisiye?

Yankho: Mayi, amuna anu akunena zoona pa mfundo imodzi, ndipo ndiyamba ndi imeneyo. Komabe nkhawa yanu ili ndi maziko, ndipo ine ndili mbali yanu. Mowa waukali monga wisiki, jini ndi vodika suyenera kukhala m'sitolo imene banja limagulamo chakudya. Biya ndi vinyo, ngati aloledwa kukhalamo, pafunika malamulo okhwima ndithu. Chimene ndikupempha n'choti mumvetse njira imene mowa wa m'supamaketi umadutsa kuti ufike kwa mwana, chifukwa mukailakwitsa njirayo mudzalimbana ndi chinthu cholakwika, amuna anu n'kukupambanani pa mkangano umene inu muli ndi mfundo yabwino.

Tiyambe pa kauntala. Sitolo yaikulu ili ndi zambiri zoti ingataye ikagwidwa ikugulitsa mowa kwa mwana: laisensi, mbiri yake, ndi chindapusa. Ili ndi makamera, ili ndi mkulu woyang'anira ogulitsa, ndipo makina ambiri olipirira amaima okha akaona botolo la mowa mpaka wogulitsa atsimikize zaka za wogula. Ku United Kingdom masitolo amatsatira ndondomeko yotchedwa Challenge 25, yoti aliyense wooneka ngati sanafike zaka 25 aonetse chitupa ngakhale kuti lamulo limalola kugula mowa pa zaka 18. Mwana wa zaka 15 amene akufuna botolo amadziwa zimenezi bwino lomwe, ndipo sapita pamalo pamene pali magetsi owala ndi mzere wa akuluakulu kumbuyo kwake. Akafunsidwa achinyamata m'mayiko osiyanasiyana kuti mowa amaupeza kuti, yankho limabwera lofanana: kwa makolo, kwa akulu awo, kwa anzawo amene akwanitsa kale zaka, kuphwando, kapena m'kabati ya kunyumba. Ogula okha m'sitolo ndi ochepa, makamaka pakati pa azaka 13 mpaka 15.

Ndiye ngati funso likanakhala loti kodi wogulitsa m'supamaketi amapatsira mwana botolo m'manja, nkhani ikanathera pomwepa. Koma taonani bwino mayankho a anawo. Mowa wa m'kabati uja unachokera kuti? Mkulu wake wa zaka 19 uja anaugula kuti, ndipo n'chifukwa chiyani ndalama zake zochepa zinakwanira mabotolo ambiri choncho? Mowa umene mwana amamwa umakhala utagulidwa mwalamulo ndi munthu wamkulu, chitupa chitaonetsedwa, lisiti itaperekedwa. Chimene supamaketi imasintha ndi kuchuluka kwa mowa umene umalowa m'nyumba ndi m'manja mwa achinyamata okulirapo, mtengo wake, ndiponso mmene ana amauonera.

Nkhani ya mtengo ndi imene ndikufuna tikhalepo pang'ono. Malo ogulitsira mowa wokha amayenera kupeza phindu pa botolo lililonse, apo ayi atseka. Supamaketi ilibe vuto limenelo. Ikhoza kugulitsa mowa popanda phindu, nthawi zina motsika kuposa mmene inaugulira, chifukwa ikudziwa kuti munthu wobwera kudzagula mowa wotsika mtengo atenganso nyama, sopo ndi zina zimene zili ndi phindu. Mowa umasanduka nyambo yokokera anthu m'sitolo. Ku England khalidwe limeneli linafika poti mu 2014 boma linaletsa kugulitsa mowa pamtengo wochepera misonkho imene mowawo umalipiridwa. Palinso njira ina, yogulitsa mowa wambiri pamodzi: tengani makatoni atatu mulipire awiri. Munthu amene anabwera kudzagula mabotolo ochepa amatuluka ndi ochuluka, ndipo otsalawo amakhala m'nyumba masabata angapo popanda wowawerenga. Bambo amene ali ndi mabotolo anayi m'firiji amadziwa limodzi likasowa. Amene ali ndi makatoni atatu m'chipinda chosungira katundu sangadziwe. Scotland inaletsa malonda a mtundu umenewu mu 2011 pa chifukwa chomwechi chakuti amakakamiza anthu kugula mowa woposa umene anafuna.

Achinyamata ali ndi ndalama zochepa, choncho amasaka chakumwa chimene chingawaledzeretse msanga ndi ndalama zochepazo. Germany mu 2004 ndi Australia mu 2008 anakweza kwambiri msonkho wa zakumwa zotsekemera zosakaniza ndi mowa waukali, zija zimakoma ngati juwisi ndipo ana amazikonda chifukwa sizimva kuwawa pakamwa. Malonda a zakumwazo anatsika ndithu. Koma ena mwa omwa anangosamukira ku mowa wina umene unatsala wotsika mtengo. Phunziro lake linali loti kukweza mtengo wa chakumwa chimodzi sikokwanira, pafunika malire a pansi pa mowa wonse. Scotland inachita zimenezo. Lamulo linadutsa mu 2012, makampani opanga wisiki analitsutsa m'makhoti kwa zaka zisanu, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 May 2018. Limati palibe angagulitse mowa pamtengo wochepera mapeni 50 pa muyezo uliwonse wa mamililita 10 a mowa weniweni umene uli m'chakumwacho, ndipo mu 2024 anaukweza kufika mapeni 65. Lamuloli silinakhudze kwenikweni malo omwera, chifukwa mitengo yawo inali kale pamwamba. Linagunda mowa wamphamvu wotsika mtengo wa m'masitolo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2023 anayerekeza kuti imfa zobwera mwachindunji chifukwa cha mowa zinatsika ndi pafupifupi 13 peresenti poyerekeza ndi mmene zikanakhalira popanda lamulolo. Ndinene mosabisa kuti pa ana osakwana zaka 18 kuunikako sikunapeze umboni womveka woti kamwedwe kawo kanasintha. Phindu lalikulu linaoneka pa akuluakulu omwa kwambiri. Komatu akuluakulu amenewo ndi makolo a ana ena, ndipo mwana wokulira m'nyumba imene mowa wachepa wapindula ngakhale kafukufuku asamuwerenge.

Umboni wamphamvu kwambiri pa funso lanu unachokera kumayiko a kumpoto kwa Ulaya, chifukwa iwo anayesa zinthu ziwiri zonsezo, kulowetsa mowa m'masitolo a chakudya ndi kuutulutsamo, ndipo amasunga ziwerengero mosamala. Ku Sweden mowa wamphamvu umagulitsidwa m'masitolo a boma okha otchedwa Systembolaget. Mu 1965 dzikolo linalola kuti biya wa mphamvu yapakatikati, wofika pafupifupi 4.5 peresenti, azigulitsidwa m'magolosale. Posakhalitsa biyayu anasanduka chakumwa cha achinyamata, ndipo madandaulo a makolo, aphunzitsi ndi azaumoyo anakula mpaka mu 1977 boma linamuchotsanso m'magolosale. Ofufuza atayang'ana mabuku a zipatala anapeza kuti atamuchotsa, ana ndi achinyamata a zaka 10 mpaka 19 ogonekedwa chifukwa cha mowa anachepa.

Pakati pa zaka zimenezo panachitika chinthu china chimene ine ndimachiona ngati chenjezo lalikulu pa nkhani yonseyi. Mu November 1967 boma la Sweden linayesa kulola biya wamphamvu m'magolosale m'zigawo ziwiri zokha, Göteborg och Bohus ndi Värmland. Nthawi imeneyo munthu ankayenera kukhala ndi zaka 21 kuti agule ku Systembolaget, koma m'golosale wa zaka 16 ankatha kugula. Malonda a biya wamphamvu m'zigawozo anakwera pafupifupi kakhumi, ndipo kuledzera kwa achinyamata kunafika poti boma linathetsa kuyesako mu July 1968, nthawi imene linakonza isanakwane. Patapita zaka zambiri, katswiri wa zachuma J. Peter Nilsson anafufuza ana amene anali m'mimba pa miyezi imeneyo. Zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2017, zinaonetsa kuti ana obadwa kwa amayi osakwana zaka 21 m'zigawo ziwirizo anakula n'kukhala ndi maphunziro ochepa ndi malipiro otsika poyerekeza ndi anzawo. Mowa unakhala pashelefu miyezi yosakwana 9, koma zipsera zake zinaonekabe pa anthu a zaka 30. Amene amati tiyeni tingoyesa tione, ngati sizikuyenda tidzasintha, ayenera kudziwa nkhani imeneyi.

Finland inachita zofanana mu 1969. Inalola biya wapakatikati m'magolosale ndi m'malo odyera, inatsitsa zaka zogulira, ndipo inatsegula masitolo a mowa kumidzi kumene kunalibe. M'chaka chimodzi chokha mowa womwedwa m'dzikolo unakwera ndi pafupifupi 46 peresenti. Amene anakonza lamulolo ankayembekeza kuti anthu asiya mowa waukali n'kuyamba biya. Zimene zinachitika n'zoti anthu anawonjezera biya pamwamba pa mowa waukali umene ankamwa kale. Mfundo imeneyi mudzaimva kawirikawiri, yakuti mowa wofewa ukapezeka mosavuta anthu aphunzira kumwa mwaulemu. Mbiri sikuivomereza. Ku New Zealand vinyo atalowa m'masupamaketi mu 1990, malonda a vinyo anakwera ndi pafupifupi 17 peresenti popanda kutsika koonekera kwa mowa wina. Mu 1999 dzikolo linalowetsanso biya m'masupamaketi ndipo linatsitsa zaka zogulira kuchoka pa 20 kufika pa 18. Kafukufuku wa pambuyo pake anapeza kuti ngozi za pamsewu zokhudza mowa zinakula pakati pa azaka 18 ndi 19, komanso pakati pa azaka 15 mpaka 17, amene lamulo silinkawalola kugula n'komwe. Umu ndi mmene mowa umatsikira kwa ang'onoang'ono. Wa zaka 18 akadali pasukulu limodzi ndi wa zaka 16, amasewera limodzi, amapita kuphwando limodzi.

Tsopano ndikupatseni mfundo za mbali inayo, chifukwa amuna anu akaziwerenga kwina adzati ndinazibisa. Yoyamba n'njakuti kuyambira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kumwa kwa achinyamata kwatsika m'mayiko ambiri olemera, kuphatikizapo United Kingdom ndi Australia, ndipo ku United Kingdom mowa umagulitsidwa m'supamaketi iliyonse. Akatswiri amatchula zifukwa zingapo: makolo akuyang'anira ana kwambiri kuposa kale, chitupa chikufunsidwa mwamphamvu, ndipo achinyamata amacheza pafoni m'malo mokumana panja usiku. Izi zikusonyeza kuti shelefu ya m'sitolo si chinthu chokhacho chimene chimalamulira kamwedwe ka ana. Yachiwiri ndi ya chigawo cha Washington ku United States. Mu 2011 anthu kumeneko anavota kuti boma lisiye kugulitsa lokha mowa waukali, ndipo kuyambira June 2012 masitolo akuluakulu anayamba kuugulitsa. Malo ogulitsira anachuluka kuposa kanayi. Komabe kafukufuku wa m'sukulu sanaonetse kuti ana omwa anachuluka. Chimene anthu amaiwala pofotokoza nkhaniyi n'choti lamulo lomwelo linaika ndalama zatsopano zimene ogulitsa amalipira boma, ndiye mitengo inakwera m'malo motsika. Mowa unayandikira koma unadula, ndipo zinthu ziwirizi zinakokerana. Chinanso chimene chinabuka ndi kuba. Botolo limene kale linali m'sitolo yaing'ono imene mwana sankalowamo tsopano linali pashelefu imene aliyense amadutsapo, ndipo masitolo ambiri anayamba kuika zotsekera pamabotolo kapena kuwakhomera m'makabati. Mwana woba botolo safunsidwa chitupa.

Mfundo yachitatu ndi yolemera kwambiri, ndipo ndi imene imandichititsa kuti ndisanene kuti letsani basi, kulikonse. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limayerekeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a mowa womwedwa padziko lonse sudutsa m'mabuku a boma: wophikidwa kunyumba, wozembetsedwa, kapena wachinyengo. Kumene mowa wotere ndi wochuluka, ndipo malo ang'onoang'ono ogulitsira alibe wowayendera, supamaketi ikhoza kukhala malo okhawo amene amafunsa zaka za wogula. Kuichotsera laisensi n'kusiya ena onsewo sikungathandize mwana aliyense. Kungangosamutsira ogula kumalo kumene kulibe kamera, kulibe lisiti, ndipo nthawi zina mowa wake uli ndi poizoni wa methanol amene amachititsa khungu ndi kupha. Choncho anthu amene akukupemphani kuti muwathandize muwafunse funso ili: mowa ukachoka m'supamaketi, ukagulitsidwa kuti, ndipo adzayang'anira kumeneko ndani? Ngati yankho lawo n'loti m'masitolo a mowa wokha, owerengeka, amene mwana saloledwa kulowamo ndipo amatseka pa nthawi yoikika, athandizeni ndi mtima wonse. Ngati alibe yankho, akufunika kuganizanso.

Nanga zija mumamva mumtima mukaona mowa pafupi ndi zakumwa za ana? Musazipeputse. N'zovuta kuziyeza ndi manambala, koma zimene zikudziwika n'zoti achinyamata amene amaona kwambiri malonda otsatsa mowa amakonda kuyamba kumwa msanga, ndipo kafukufuku wotsatira ana omwewo kwa zaka zingapo wapeza zimenezi mobwerezabwereza. Shelefu yokongoletsedwa bwino, mulu wa makatoni pakhomo lolowera, chikwangwani cha mtengo wotsika pamapeto a mzere, zonsezi ndi kutsatsa, ndipo mwana amakumana nazo kuyambira ali wakhanda wokwezedwa m'trole. Ofufuza ku New Zealand anavalitsa ana timakamera kuti aone zimene maso awo amakumana nazo tsiku ndi tsiku, ndipo anapeza kuti paulendo wambiri wa kusupamaketi anawo ankaona malonda a mowa. Mwana amene wakula akuona botolo likulowa m'basiketi limodzi ndi mkaka amaphunzira, popanda womuuza, kuti mowa ndi chimodzi mwa zofunika za pakhomo. Amafika zaka 14 atadziwa kale mayina ndi mitundu ya mabotolo. Ndimaganiziranso munthu wamkulu amene akulimbana ndi uchidakwa. Iye akhoza kupewa malo omwera, koma sangapewe kugula chakudya.

Mwina wina angafunse kuti kodi vuto n'chiyani mwana wa zaka 16 akalawa. Ubongo umapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma zaka 25, ndipo mbali yakutsogolo, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira zotsatira, ndi imene imamaliza mochedwa. Achinyamata samva tulo ndi kulemera kwa thupi msanga ngati akuluakulu akamamwa, choncho chenjezo limene limauza munthu wamkulu kuti basi zakwana limawafika mochedwa. Kafukufuku wamkulu wa ku United States anapeza kuti oyamba kumwa asanafike zaka 15 anali ndi mwayi woposa pafupifupi kanayi wodzakhala zidakwa poyerekeza ndi oyamba atakwanitsa zaka 20 kapena kuposerapo. Si zonse zimene zimachokera ku mowa wokha, chifukwa ana oyamba msanga kawirikawiri amakhala ndi mavuto ena kale. Koma choopsa cha pafupi sichidikira uchidakwa: ngozi, ndewu, kumira m'madzi, kugonana kosakonzekera kapena kokakamizidwa, ndi kukomoka chifukwa chomwa wambiri nthawi imodzi. Chaka chilichonse chimene mwana wachedwa kuyamba ndi phindu lenileni.

Ndiye inu mupemphe chiyani? Kumene boma lili ndi mphamvu yoyendetsa zinthu bwino, njira ya Sweden, Norway, Finland ndi Iceland ndi imene ili ndi umboni wabwino. Ku Sweden golosale imagulitsa mowa wosaposa 3.5 peresenti, ku Norway wosaposa 4.7 peresenti, ndipo pafupifupi wina wonse uli m'masitolo a boma. Ku Systembolaget wogula ayenera kukhala ndi zaka 20, sitolo imatseka Lamlungu, palibe zotsitsa mtengo kwa wogula wambiri, ndipo biya samuika n'komwe m'firiji. Chinsinsi chake n'choti wogulitsa sapindula kanthu akagulitsa botolo lowonjezera, ndiye alibe chifukwa chotsinzinira mwana akafika. Dziwaninso kuti malire amenewa amakankhidwa nthawi zonse ndi amalonda. Finland inakweza malire a m'golosale kuchoka pa 4.7 kufika pa 5.5 peresenti mu 2018, kenako pa 8 peresenti mu 2024 pa zakumwa zina. Khomo likatseguka pang'ono, pempho lotsatira limakhala loti litseguke pang'ononso, ndipo kulitseka kumavuta chifukwa masitolo amakhala atazolowera ndalamazo. N'chifukwa chake kumene mowa sunalowe m'masupamaketi ndimalangiza kuti usalowe.

Kumene unalowa kale ndipo kuuchotsa n'kosatheka pakali pano, pali zambiri zoti zichitike. South Africa imalola supamaketi kugulitsa vinyo yekha, ndipo biya ndi mowa waukali zimagulitsidwa m'sitolo yapadera ya khomo lakelake. New Zealand salola mowa waukali m'masupamaketi, ndipo lamulo la 2012 linati mowa ukhale pamalo amodzi okha, osati polowera kapena polipirira. Ireland kuyambira November 2020 inalamula kuti mowa upatulidwe ndi katundu wina, mwachitsanzo ndi chotchinga chotalika mita 1.2, ndipo mu 2021 inaletsa kupereka mapointi a makasitomala pa mowa. Ku Scotland sitolo singagulitse mowa isanakwane 10 koloko m'mawa kapena itadutsa 10 koloko usiku. Pa zonsezi, zimene ndingaike patsogolo ndi khomo lapadera, malire a pansi a mtengo, ndi kuletsa malonda okopa anthu kugula wambiri. Chotchinga cha mita 1.2 n'chabwino kuposa kupanda kanthu, koma mnyamata wa zaka 16 amaona pamwamba pake.

Lamulo la zaka limagwira ntchito pokhapokha ngati likuyesedwa. Njira yodziwika ndi yotumiza wachinyamata, moyang'aniridwa ndi apolisi kapena akuluakulu a laisensi, kuti akayese kugula. Kumene kuyesaku kumachitika pafupipafupi, ogulitsa kwa ana amachepa, ndipo kukasiya, amabwerera m'miyezi yochepa. Chilango chigwere mwini laisensi. Kulanga wogulitsa wa pakauntala yekha, amene amalandira malipiro ochepa ndipo amakalipiridwa mzere ukatalika, n'kupanda chilungamo ndipo sikusintha kanthu. Sitolo imene yatsekeredwa shelefu ya mowa kwa sabata imodzi imaphunzitsa antchito ake popanda wina kuikumbutsa. Mipata iwiri yatsopano imandidetsa nkhawa: makina olipirira wekha, kumene wantchito mmodzi amayang'anira makina ambiri n'kumavomereza ali chapatali, ndi kugula pa intaneti, kumene wobweretsa katundu amakhala pa changu ndipo amasiya phukusi kwa aliyense wotsegula chitseko. California inaletsa kugulitsa mowa pa makina olipirira wekha. Aliyense amene akulemba lamulo masiku ano n'kuiwala za mowa wobweretsedwa pakhomo wasiya mpata waukulu kuposa umene watseka.

Malamulo amatenga zaka, ndipo mnyamata wanu ali ndi zaka 16 lero. Makolo ambiri amakhulupirira kuti kumupatsa mwana pang'ono kunyumba kumamuphunzitsa kumwa mosamala. Ofufuza ku Australia anatsatira ana oposa 1,900 kuyambira ali ndi zaka pafupifupi 12 mpaka 18, ndipo zotsatira zofalitsidwa mu 2018 sizinapeze chitetezo chilichonse. Ana opatsidwa mowa ndi makolo anali ndi mwayi waukulu womwa mopyola muyezo ndi kukumana ndi mavuto poyerekeza ndi osapatsidwa, ndiponso ankapita kukaupezanso kwina. Mwanayo amamva kuti chilolezo chaperekedwa, ndipo malire a kuchuluka kwake amadziikira yekha.

Iceland ndi dziko limene linasintha zinthu moonekeratu. Mu 1998, ana 42 pa 100 aliwonse a zaka 15 ndi 16 ananena kuti analedzera m'mwezi wapitawo. Pofika 2016 anali 5 okha. Dzikolo linali kale ndi masitolo a boma ndi malire a zaka 20, ndiye si shelefu imene inasintha. Makolo a ana ophunzira limodzi anayamba kugwirizana ndi kusainirana kuti salola maphwando opanda wamkulu ndipo sagulira ana mowa, nthawi yoti ana akhale atalowa m'nyumba usiku inalimbikitsidwa, ndipo boma linaika ndalama zambiri m'masewera ndi zoimbaimba kuti ana akhale ndi kopita madzulo. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo pa nkhani ya mowa mawuwa ali ndi ntchito yeniyeni, chifukwa botolo limene lingafike kwa mwana wanu likhoza kutuluka m'nyumba ya mnzake.

Choncho kambiranani ndi amuna anu zinthu zimene zili m'manja mwanu. Ngati m'nyumba mumakhala mowa, ukhale wochepa woti mukudziwa kuchuluka kwake, ndipo makatoni otsitsidwa mtengo aja muziwasiya m'sitolo momwemo. Ana asamatumidwe kukatenga botolo m'firiji kapena kuthirira alendo. Achibale ndi anzake a mnyamata wanu amene akwanitsa zaka zogulira muwauze maso ndi maso kuti simukufuna amugulire. Dziwani makolo a anzake, ndipo akati kuli phwando, imbani foni mufunse ngati kukhale wamkulu ndiponso ngati kukhale mowa. Mnyamatayo mumuuze momveka kuti simukufuna amwe, mumuuze chifukwa chake, ndipo muwonjezere kuti tsiku limene iye kapena mnzake adzamwe n'kudwala, akuimbireni nthawi iliyonse ndipo mudzabwera, zokambirana zidzakhala za mawa lake. Mumuphunzitsenso kuti munthu woledzera amene sakudzuka, akupuma pang'onopang'ono kapena thupi lazizira, samusiya kuti agone. Amamugoneka cham'mbali kuti asatsamwe ndi masanzi, amakhala naye, ndipo amaitana achipatala nthawi yomweyo. Wa zaka 13 uja amve nawo zonsezi, chifukwa zaka zimene ana ambiri amalawa koyamba ndi zimene akulowamo tsopano.